Masiku asanu ndi anayi a Justus ku Chileka

Anthu a ku Lirangwe amawakumbuka a Justus Lekani ngati mphunzitsi wamtali, wolankhula modekha, amene ana ambiri anadutsa m'manja mwawo. Koma ndi ochepa amene akudziwa kuti ali mnyamata anabisalapo masiku asanu ndi anayi ku Chileka, kuopa kufika kwawo.

Justus anali mwana wachiwiri wa mayi Leah, amene amuna awo anamwalira iye ali Sitandade 3. Mutu wake unkagwira zinthu ngati ulimbo. Ku sekondale aphunzitsi akalemba pabolodi, iye ankakopera, n'kuloweza, pamayeso n'kubweza momwemo osasiya ndi kadontho komwe. Zaka zonse nambala wani inali yake.

M'chaka cha 1958, nthawi ya boma la chitaganya, anasankhidwa kupita ku koleji ku Halale. Tsiku lonyamuka, anthu a mpingo wake anadzaza lole mpaka ku bwalo la ndege. Amayi a mvano anaimba nyimbo, ndipo mkulu wa mpingo anamugwira paphewa nati, "Ukatiimire kumeneko. Akaone kuti ku Lirangwe kulinso anthu."

Manyazi anayamba tsiku loyamba lomwe. Mphunzitsi atalowa m'chipinda, Justus anaimirira njo, manja m'mbali, monga ankachitira ku sekondale. Anaimirira yekha. Mtsikana wina wachizungu anagwira pakamwa, kenako chipinda chonse chinaseka. Kuyambira pamenepo ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Kumeneko kunalibe belu lomudzutsa, kunalibenso womuuza choti awerenge madzulo. Mphunzitsi ankangolankhula ola lathunthu osagwira choko, n'kutchula mabuku asanu, n'kutuluka. Anzake ankatsutsana naye ngati mnzawo wa pabwalo. Justus ankamva mawu, koma mfundo inkamupulumuka, ndipo kufunsa ankaona ngati kudzivula pagulu. Atauzidwa kulemba nkhani, anapita ku laibulale n'kukopera bwinobwino masamba atatu a m'buku. Pepala linabwerako ndi mzere umodzi wa inki yofiira: "Awa ndi maganizo a mwini buku. Ako ali kuti?"

M'makalata opita kwa amayi ake ankalemba kuti zonse zikuyenda bwino. Chaka chitatha, analephera maphunziro awiri. Anamuuza kuti abwerenso, koma adzabwereze chaka.

Anatsika ndege pa Chileka mwezi wa Disembala, atavala jekete ya koleji. Amalume ake, a Dyton, amene ankagwira ntchito yotchetcha udzu pabwalopo, anamuona kudzera pa mpanda nathamanga ndi chikwakwa m'manja.

"Wafika bwanji osatiuza? Amako akudziwa?"

"Ayi, amalume. Ndigone kaye kwanu, ndatopa."

Kutopako kunatenga sabata. Jekete anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Masana ankakhala kuseri kwa nyumba, ndipo akamva njinga ikuima pabwalo, ankathamangira kukabisala. Tsiku lachitatu anawauza amalume akewo zoona. A Dyton anangoti, "Ine sukulu sindiidziwa. Koma mlongo wanga sindingamubisire mwana mpaka kalekale."

Koma amene anawauza mayi Leah sanali a Dyton. Mayi wina wogulitsa mango anamuona Justus akutunga madzi, nakafalitsa pamsika wa Lirangwe. Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili paliwombo, mayi Leah anatulukira wapansi, matope mpaka m'mawondo. Justus anagwada kuti awapatse moni. Iwo anangokhala pakhonde, napempha madzi kwa alamu awo, akazi a Dyton, namwa.

"Amayi, ndalephera," anatero iye, maso ali pansi. "Ndinkachita manyazi."

"Manyazi? Ine dzulo ndinali pamsika, ndikuuza anthu kuti mwana wanga akubwera sabata yamawa. Wina n'kundiyankha kuti, 'Bwanji, si uja akutunga madzi ku Chileka?' Ukudziwa mmene ndinayendera kuchoka pamenepo?"

Misozi ya Justus inagwera pafumbi.

"Akuchotsa sukulu?"

"Ayi. Akuti ndikabwereze."

"Ndiye chimene ukubisalira n'chiyani? Chimanga chikapanda kumera timabzalanso. Tenga katundu wako. Jekete ija uvale, anthu akuone."

Anayenda njira yonse mayi patsogolo, iye pambuyo, sutikesi pamutu, thukuta likuyenderera mkati mwa jekete. Lamulungu lake, mkulu wa mpingo anamuitana kutsogolo kuti anene za ku Halale. Justus anayang'ana amayi ake nati, "Abale, chaka chino sindinakhoze. Ndikabwereza." M'tchalitchi munangoti zii. Kenako wina anayambitsa nyimbo, mwina pofuna kumupulumutsa. Panja ena anamugwira chanza, ena anamulambalala, ndipo mkulu uja sanamulankhule mpaka chaka chatsopano.

Atabwerera ku koleji, anapita kukagogoda pa ofesi ya mphunzitsi wa inki yofiira uja. Anazungulira pakhomopo katatu asanalimbe mtima. Atalowa anati, "Bambo, sindidziwa kulemba maganizo anga. Palibe amene anandifunsapo." Mphunzitsiyo anamukokera mpando, nayamba kumufunsa za thangata ndi za minda ya kwawo. Justus analankhula mpaka anadabwa yekha. "Zimenezo ndizo ukalembe," anatero mphunzitsiyo.

Nambala wani sanaionenso. Anamaliza patapita zaka zinayi, ali pakatikati pa anzake, nabwerera kudzaphunzitsa m'boma la Blantyre, ndipo pomalizira pake anapempha kuti amutumize kwawo. Anakwatira Lenia, mwana wa telala wa pa Lirangwe, nabereka ana asanu. Mayi Leah anamwalira mu 1971. Nkhani ya ku Chileka sanaitchulenso pamaso pa mwana wawo ngakhale kamodzi.