Kukaonetsa Khanda kwa Bambo Wake Kundende

Amuna anga anali msilikali wa ndende, koma kunena zoona ine ndinakwatiwa ndi tulo tawo. Ankafika m'mawa, kugwera pamphasa nsapato zili kumapazi, dzuwa lisanafike paliwombo awaitananso. Anzawo ena anasamutsidwa, wina anamwalira, m'malo mwawo osabwera munthu. Akaidi okha ndiwo ankangochuluka, mpaka m'zipinda ankagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Kandende kake kanali kakang'ono, kumapiri kuja pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Ife tinkakhala kumalayini, kuseri kwa mpanda, kumene fungo la ndowa zawo linkatipeza tikudya.

Chaka china, nthawi ya dzinja, kunabwera mtsikana wa ku Msakambewa, khanda kumsana, matope mpaka m'mawondo. Pachipata anamubweza, ati kuona akaidi kwaimitsidwa chifukwa palibe msilikali woti n'kuimirira pamenepo. Ndinamupeza pansi pa mango akuyamwitsa, osalira, osanyamuka. Ndinamutengera kwathu.

Mwamuna wake anamangidwa iye ali ndi pakati. Anyamata achipani anawaimitsa pamsika kuti agule khadi la chipani la mwana wa m'mimba, mwamunayo n'kukankha mmodzi. Basi, mlandu wake unali womwewo. Mwana anabadwa, mchombo kugwa, kumetedwa, mpaka kuyamba kuseka, bambo wake asanamuonepo.

"Sindikufuna kulankhula nawo, amayi," anatero. "Angomuona basi. Adziwe kuti ndi wamwamuna."

Ndinawadzutsa amuna anga.

"Inu, mtima wanu unapita kuti? Mesa nanunso ndinu bambo?"

"Mayi, mukudziwa kuti mawa kunkhuni ndikupita ndekha? Ndekha ndi kamfuti kamodzi, chigulu chonse chija nkhwangwa zili m'manja. Mmodzi akathawa, wolowa m'malo mwake ndine. Mudzadya chifundo chanucho?"

Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano. Mapeto ake anavomera, mwina pongofuna kuti ndiwasiye agone. Anati munthuyo amuika m'gulu la kunkhuni, limene linkadutsa kuseri kwa khitchini yanga. Koma osaima, osaitanana, osakweza dzanja.

M'mawa mtsikanayo anasambitsa mwana, kumudzoza mafuta anga, kumuveka kachipewa koluka. Tinaima pampanda wa udzu. Gulu linatulukira awiriawiri, mitu yometa, zovala zoyera zimene zinasiya kalekale kuyera, miyendo yotupa, mphere m'manja. Iye anakweza mwana m'mwamba ndi manja onse awiri. Abale inu, amuna onse aja anacheuka. Ena ndikhulupirira anali ataiwala maonekedwe a khanda. Mmodzi anayamba kukoka mapazi, amuna anga n'kukuwa, mzere n'kupitirira.

Mwana akadali m'mwamba, maso a mayi wake ankathamanga nkhope ndi nkhope. Mzere unatha. Anadikirabe, ngati kuli wina wotsalira m'mbuyo.

"Mulibemo," anatero.

"Aaa, iwe, ndende imasintha munthu. Mwina sunawazindikire."

"Amayi, amuna anga ndingalephere kuwadziwa?"

Madzulo ndinawalandira amuna anga ndi ukali asanakhale n'komwe pansi. Anandisiya ndibwebwete mpaka nditope, kenako anafotokoza. Anati m'mawa muja anaima pakhomo la chipinda, kuitana dzina la munthuyo ndi mudzi, wina n'kuvomera, n'kutuluka. Nkhope sankazidziwa. Akanazidziwa bwanji, anthu othinana chonchija, chipinda chopanda zenera lenileni? Atabwerako kunkhuni anafunsa nyapala, mkaidi woyang'anira anzake m'chipindamo. Nyapala anati mwini dzina anali pakona, malungo atamupanikiza. Wovomera uja anali munthu wina chabe, wongofuna kutuluka akapume mpweya ndi kuwongola miyendo.

"Ndiye mawa mukamutulutse mwini wakeyo," ndinatero.

"Za mawa palibe. Lole yabwera masana ife tili kuphiri. Atenga onse otsala m'chipindamo, ati kuchepetsa kuthinana. Kumene apita sanandiuze, ndipo masiku ano wofunsa amatsatira konko."

Ndinafuna woti ndimutukwane, koma ndani? Wovomera dzina la mnzake uja? Ndikanakhala ine m'chipinda chimene chija, ndikanavomeranso. Amuna anga? Anali atatsamira khoma, chikho cha madzi m'manja, maso akutsekeka okha. Ndinangomva kutopa, kutopa kolowa m'mafupa, ndipo ndinakhala pansi.

Mtsikanayo anali pakhonde, atamva zonse. Sanalire. Anagwada pakhomo n'kufunsa mwaulemu:

"Bambo, lole ikamatuluka imadzera msewu uti?"

Anamuuza kuti wa kumaso, wodutsa pachipata penipeni, ndipo imayenda pang'onopang'ono chifukwa cha matope. Masana onsewo iye anali kuseri, mwana kumsana, akundithandiza kuchapa mayunifolomu a amuna anga. Tonse awiri tinaimva ikudutsa.