Madenga Asanu ndi Atatu pa Foni

Chaka chomwe ndinasiya ntchito ya m'nyumba ku Randburg, mkodzo unayamba kundipulumuka. Ndikatsokomola, ndikaseka, tekisi ikagwa m'dzenje, basi zachitika. Ndinapinda yunifolomu yanga yoyera ya amayi a mpingo, ndipo kumapemphero a Lachinayi ndinaleka kupita. Lamulungu ndinkakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi khomo, pomwenso ankakonda kukhala amayi atcheya athu. Ndinkati akutiphunzitsa kudzichepetsa.

Anesi akuchipatala anati matendawa amatha pophunzira kufinya minofu yakumunsi. Ndisankhe: kubwera pagulu Lachitatu, kapena kuphunzira pa foni ya vidiyo limodzi ndi amayi ena. Ndinasankha foni. Kuno ku Joni, Mmalawi akakuona pamzere wachipatala, nkhani imafika ku Ntcheu basi isanadutse malire. Ndiponso mayi uja wa m'Malemba anakhudza chovala cha Ambuye chakumbuyo, mwakachetechete.

Tsiku loyamba ndinaigoneka foni chagada, kamera ikuyang'ana kumwamba. Kani anzanga onse anaganiza chimodzimodzi.

"Bomama," anesi anadandaula, "ine ndinaphunzira unesi wa anthu. Lero ndikuphunzitsa madenga eyiti!"

Anayamba kuwerenga: finyani, gwirani, tayani. Pogwirapo ndinayang'anitsitsa denga lachitatu. Linali ndi banga la mvula looneka ngati nkhuku yopanda mutu. Nkhuku imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaiona miyezi itatu m'chipinda china ku Troyeville, tikupempherera bondo la mwini nyumba, pamene ndinayenera kutsinzina.

"Amayi atcheya?" mawu anangotuluka okha.

Kenako denga linayankha mwaulemu: "Mwalakwitsa nambala, mayi."

Ndinaseka mpaka kugwa pampando, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa. Denga lachitatu nalonso linayamba kugwedezeka.

"Mayi inu, lekani!" anakuwa atcheya. "Ndangosintha kumene chitenje!"

Lamulungu tinakumana pabenchi yathu ija. Anandinong'oneza nyimbo ili m'kati: "Ine ndimati mumakhala kuno chifukwa mwandikwiyira."

Kuyambira pamenepo tinkakwera tekisi limodzi kupita kuchipatala Lachitatu lililonse. Pagulu anesi anaona zimene foni inkabisa: ine ndinkafinya mapewa ndi nsagwada, atcheya ankangogwira mpweya mpaka maso kutuzuka.

Sindinachire tsiku limodzi ngati mayi wa m'Malemba uja. Ambuye anandipatsa miyezi inayi ndi mnzanga wowerenga naye. Lachinayi lina ndinasita yunifolomu yoyera ija, ndinakhala benchi yachiwiri, ndipo ndinaimba mpaka ndime yomaliza. Koma atcheya ndinawachenjeza kuti asayerekeze kuyang'ana kudenga.