Kiyi wa Manati Ali Tsidya la Msewu

Ukawapeza a Jeke pa shedi yawo yokonzera matayala ungaganize kuti wina wawalakwira m'mawa womwewo, chikhalirecho nkhope yawo ndi yotero basi. Dzinalo analipata ali mnyamata, tsiku lina atanyamula ndi msana, ngati jeke, mbali imodzi ya kagalimoto mnzawo n'kusolola tayala, ndipo dzina lawo lenileni mwina amene akulikumbukira ndi akazi awo okha. Shediyo ili m'mbali mwa msewu. Muli bafa lakale lodzaza madzi akuda ofufuzira pamene tayala labooka, mpando wozulidwa m'galimoto yakufa, ndi mulu wa matayala otheratu omwe eni ake amati adzagwira ntchito tsiku lina. Tsikulo silinafikebe.

Munthuyu ndi wansanje, tisabisane. Koma nsanje yawo si ya mkazi. Akazi awo akhoza kuseka ndi wogulitsa nyama mpaka misozi, a Jeke osatembenuka n'komwe. Nsanje yawo ndi ya makasitomala. Galimoto imene anaigwirapo kamodzi amaitenga ngati yakwatiwa pakhomo pawo. Akavula tayala n'kupeza chigamba chomata munthu wina, amachiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa mwini galimoto ndi mawu otsika, "Munali kuti?" Anthu akuluakulu ovala mataye akhala akupepesa pa shedi imeneyi osadziwa chimene alakwa.

Ndiye tangoganizani mmene zinawakhalira pamene tsidya la msewu, maso ndi maso ndi shedi yawo, panatsegulidwa malo ena a matayala. Mwini wake anali mwamuna wa zaka za m'ma sate, waulemu wotopetsa, wokhala ndi makina omasulira manati ndi mpweya amene anthu amangoti mfuti. A Jeke anamutcha Wamfuti, dzina n'kukakamira. Mfutiyo ikalira kuti prrr, tayala lachoka kale, pamene a Jeke amakhala akadalavulira m'manja kuti agwire sipanala. Magalimoto anayamba kukhotera tsidya lija imodziimodzi. Ena mwa eni ake ankakweza galasi podutsa, ena ankaimika dzanja mwamanyazi, ndipo a Jeke ankawaona onse ali khale pa mpando wawo uja, mtima ukuwira.

Galimoto imodzi yokha ndi imene ankadziwa kuti siingawathawe. Mwana wawo womaliza, amene onse amangomutchula kuti Mzime, ndi namwino, ndipo atagwira ntchito zaka zingapo anagula kagalimoto kogwirapo kale ntchito koma ka malimu onyezimira, zitsulo zija zovekapo matayala. A Jeke ataona malimuwo anati akuba sangagone nawo tulo. Anapita okha kukagula manati okhoma, aja amamangidwa mmodzi pa tayala lililonse, osalala kunja moti sipanala wamba imangoterereka. Amamasuka ndi kiyi wake yekha, kachitsulo konga chivindikiro cha botolo kokhala ndi mano ogwirizana ndi manatiwo. Anawamanga ndi manja awo, kiyi n'kumukulunga m'sokosi yakale, n'kumuika m'kabokosi ka kutsogolo. Kuyambira tsikulo, Mzime akaima pa shedi, a Jeke ankazungulira galimotoyo pang'onopang'ono, akumenya tayala lililonse ndi phazi, n'cholinga choti wa tsidya lija aone bwinobwino.

Tsiku limene ndikunenali Mzime anafika dzuwa lili paliwombo, tayala lakutsogolo litaphwa. A Jeke anadzuka ngati mnyamata. Anatsegula kabokosi kaja, anapeza sokosi, anaikutumula. Munalibe kanthu.

"Kiyi ali kuti?"

"Sali momwemo?" anatero Mzime, maso ali kwina.

A Jeke anagwada pa tayalalo n'kuika sipanala pa nati wamba kuti ayambe ndi ameneyo. Anakoka, nati osasuntha. Anaponda ndi phazi, nati ali chete. Dzanja lawo amalidziwa, silimanga chonchi. Anasendeza nkhope pafupi n'kuona m'mbali mwa manati onse muli tizipsera tonyezimira, tomwe amasiya makina aja akamamenya.

"Galimoto iyi yagwidwa ndi mfuti," anatero osadzuka.

"Ababa, linaphwa ndili kuntchito. Kunali mvula, ndiye sindinafune kukuvutitsani. Ndinangomuimbira wa tsidya lija kuti adzandithandize. Kiyiyo anatsalira m'thumba mwake."

"Unamuimbira."

"Ee."

"Nambala yake unaitenga kuti?"

Mzime, mayi woti kuchipatala amakalipira amuna akuluakulu oopa jakisoni, anangoyamba kukanda pansi ndi nsonga ya nsapato. Ndipo pakamwa pake panali kakumwetulira kamene ankayesetsa kukabisa koma kakukana. A Jeke ndi okalamba koma si akhungu. Anamvetsa kuti nkhaniyi si ya tayala lokha, ndiponso kuti sinayambe tsiku la mvulalo.

"Ndingowoloka ndikamutenge," anatero Mzime.

"Ukawoloka msewu umenewu, galimoto yakoyi uikankhire konko."

Kumasula nati wokhoma popanda kiyi a Jeke amakudziwa, chifukwa anthu otaya makiyi ndi ambiri kuposa akuba matayala. Anakhuthula chitini cha masoketi akale, timakapu tachitsulo tovekera pamutu pa nati pomasula, n'kusankha imodzi yocheperako pang'ono kuposa natiyo, yoti singalowe mwaulemu. Anaiika pamutu pa nati n'kuyamba kuikhomerera ndi hamala yaikulu kuti mano ake alume chitsulo chosalalacho. Kenako analowetsa chogwirira, n'kuchiwonjezera ndi paipi yaitali, n'kutsamira ndi thupi lonse. Nati analira kuti kwii, n'kugonja. Anapita naye pa benchi, anamugogoda ndi chitsulo mpaka anatuluka m'soketi, ali wophwanyikaphwanyika, wosagwiranso ntchito. Manati wamba aja nawo anawamasula ndi paipi yomweyo, akutukwana mfuti ndi amene anaipanga.

Ntchito inayenera kuthera pamenepo. Tayala lophwa linali limodzi, ndipo linali litachoka. Koma a Jeke ananyamula hamala ndi soketi n'kupita ku tayala lakumbuyo.

"Ababa, limenelo lili bwinobwino!"

"Ndikudziwa."

"Nanga mukuliphwanyiranji?"

"Ndinagula ndine manatiwa."

Maganizo awo anali oti akawachotsa onse, kachitsulo kali m'thumba mwa Wamfuti kasanduka chinyalala, kopanda chotsegula. Ndi maganizo a mwana, inde, koma nsanje ikamugwira munthu wa imvi imamubweza kukhala wa kabudula. Wachiwiri anatuluka. Wachitatu anavuta, thukuta lili kamukamu, malaya atamatirira kumsana, koma anatuluka. Hamala inkamveka msewu wonse, ndipo anthu odikira basi anayamba kusendera pafupi, poti zaulere zoonera sizipezeka tsiku lililonse.

Wamfuti naye anamva. Anazimitsa makina ake, anapukuta manja pa nsanza, n'kuwoloka. Anaima chapatali pang'ono, atavula chipewa, kiyi atamugwira ndi manja awiri.

"Bambo, pepani. Kiyi uja ndi uyu. Ndinalakwitsa kusamubweza msanga."

A Jeke anatsonya osatembenuka. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti munthuyo analibe chilema choti amugwirepo. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino. Koma anali chiimire ndi ulemu wake, wamtali, mapewa ali thasa, manja amphamvu ngati amene iwo anali nawo kale.

"Pano sitigwiritsa ntchito za anthu," anatero a Jeke, akuuza tayala.

Nati womaliza anali wa kutsogolo mbali inayo. Soketi ija inali itatopa, ndipo atangoimenya inang'ambika m'mbali. Anasankha ina, koma inali yokulirapo, inkangozungulira pamwamba. Anatenga yachitatu, yaing'ono kwambiri, yofuna kumenyedwa mwankhanza. Phewa lawo lakumanja, limene akhala akubisira akazi awo kuti limawawa, linali litayamba kufooka. Anakweza hamala, anamenya, anakwezanso. Ulendo wotsatira dzanja linawapusitsa. Hamala inaphonya soketi n'kutera pa limu kuti khwaa, n'kusiya chibala chachitali choyera pa chitsulo chonyezimira chija.

Mzime anagwira pakamwa. Galimoto imeneyi anaigula ndi maulendo ausiku osawerengeka a m'mawodi, ndipo ankaitsuka yekha ndi kansalu kofewa. Sanakalipe. Akanakalipa a Jeke akanapeza poyambira. Anangoyang'ana chibalacho, kenako n'kuyang'ana bambo ake, maso atadzaza misozi.

"Ababa, mwakhutira?"

Anthu odikira basi aja anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. A Jeke anayesa kukwezanso hamala koma phewa linakana, dzanja linangolendewera. Soketi inali itakanirira theka pa natiyo, yosalowa, yosatuluka.

"Uyu amafuna adzakuoneni kunyumba," anatero Mzime motsitsa mawu. "Wakhala akundifunsa tsiku labwino. Ine ndimamuuza kuti adikire, ndimaopa zomwezi."

A Jeke anaika hamala pansi. Anadzuka movutikira, atagwira bondo, n'kupita kukakhala pa mpando wawo uja. Wamfuti anadikira kaye, kenako anagwada pamalo pamene iwo anachoka. Anagwedeza soketi ija uku ndi uku mpaka inazuka, anapukuta natiyo ndi chala, n'kulowetsa kiyi. Mano anali atapunduka pang'ono koma anagwirabe. Anapempha sipanala, osati kwa a Jeke, ndipo Mzime anaitola n'kumupatsa. Nati anamasuka mosavuta, mopanda ngakhale phokoso.

Kenako awiriwo anapita ku tayala lophwa lija. Mwamunayo analigubuduzira ku bafa la a Jeke, analipopa ndi pampu ya a Jeke, anapeza msomali, anamata. Pobwezera tayala, Mzime anakwinya diresi lake loyera n'kunjuta pambali pake, manati atawafumbata m'manja, akumupatsa mmodzimmodzi asanapemphe, ndipo mwamunayo akamanga uyu, iye n'kumuloza wa mbali inayo kuti tayala likhale mowongoka.

A Jeke anaonerera zonsezo ali pa mpando wawo. Palibe sukulu ya unamwino imene imaphunzitsa zimenezo. Anamuphunzitsa ndi iwo, pa shedi yomweyi, ali kamtsikana kobwera ndi chikwama cha mabuku kumsana, ndipo nthawi yonseyo ankaganiza kuti akudziphunzitsira wowathandiza iwo.