Ndinkayesa Nachiwale ndi wathu

Inu owerenga, cholakwa changa chinali chooneka chaching'ono. Ndinatseka pakamwa munthu amene ankayenera kuimirira n'kuyankhula, ndipo ndinachita zimenezi pa foni, ndili pa basi kuno ku London. Ndikufuna ndikuuzeni mmene zinayendera, makamaka inu amene muli kutali ndi kwanu ngati ine.

Ndimakhala ku Thamesmead ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Barking. Ndakhalitsa kuno, moti mwana wanga wamkazi, Tadala, anabadwira konkuno. Koma ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri lina m'chigawo chapakati ku Malawi. Phirilo ndi nkhalango ya boma, ndipo aliyense ankadziwa kuti sungadulemo mtengo popanda chilolezo. M'phiri lomwelo mumachokera kamtsinje kotchedwa Nachiwale, ndipo kameneka tinkati n'kathu.

Madzi ake ankazizira ngakhale dzuwa la Okutobala litavuta bwanji. M'mbali mwake munali mitengo ya chiwale, ndipo chakumtunda kunali dziwe pakati pa miyala iwiri yosalala pamene atsikana tinkasamba tikamaliza kuchapa. Tinkayanika zovala pamiyalapo n'kuyamba kuvundukula timiyala kufuna nkhanu. Bambo anga anakumba ngalande ndi khasu kuchokera mumtsinjemo kukafika kudimba kwathu. Ndimawakumbukira akuchotsa chibuma ndi phazi, madzi n'kuyamba kuyenda m'mizere ya matimati, ife tikuthamanga patsogolo pake kuti tione amene afike msanga kumapeto. M'dimbamo munali nzimbe, nthochi, mpiru ndi anyezi. Dimba limenelo ndi limene linatiphunzitsa sukulu tonse. Bambo atamwalira, achimwene anga aakulu, a Fanuel, ndiwo analitenga.

Tsiku lina ndikuweruka kushifiti, nditakwera basi ya ku Woolwich yopita kunyumba, achimwene anaimba foni. Anati kwa miyezi ingapo m'phiri munali anthu a kampani ina akuboola pansi, ndipo tsopano zamveka kuti apeza miyala yamtengo wapatali, akufuna kutsegula mgodi. Anafotokoza kuti kwaitanidwa msonkhano kusukulu ya pulayimale, chifukwa lamulo limafuna kuti mgodi usanayambe anthu oyandikana nawo anene maganizo awo pa mmene ukhudzire chilengedwe. Iwo mtima wawo unali pamadzi.

"Chemwali, inu mwaona zambiri kunjako," anatero. "Tikanene chiyani za mtsinjewu?"

Ndinali wotopa, mapazi akuwawa, basi itadzaza ana a sukulu. Komanso, kunena zoona, ndinasangalala kumva za mgodi. Ndinkaganiza za msewu wa kwathu umene umaterera nthawi ya dzinja, ndi anyamata a m'mudzi amene ankangokhala pagolosale osowa chochita.

"Achimwene, musavutike mtima," ndinawayankha. "Phirilo n'la boma, achite nalo zimene akufuna. Koma madzi ndi athu, ngalande ija anakumba ndi bambo. Musakachite phokoso kumeneko, mungathawitse chitukuko."

Anavomera mwaulemu monga amachitira nthawi zonse.

Lamulungu lotsatira ndinapita kutchalitchi kwathu ku Tottenham. Mapemphero atatha, tikumwa tiyi, ndinafotokozera nkhaniyi amayi Banda, mayi wachikulire amene anabadwira ku Zimbabwe koma bambo awo anachokera ku Malawi kukagwira ntchito m'migodi. Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chishona, ndipo amayankhula modekha. Anandiuza kuti iwo anakulira m'komboni ya mgodi, ndipo amakumbukira mtsinje wa kumeneko ukuchepa chaka ndi chaka mpaka amayi awo anayamba kukachapa kutali. Anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, mgodi umamwa madzi kuposa mudzi," anatero. "Uwaimbirenso achimwene akowo, akafunse zinthu zisanayambe."

Ndinawathokoza, koma mumtima ndinkati zimenezo n'za kale, nthawi ya atsamunda, masiku ano kuli malamulo. Zoti malamulowo amadikira munthu kuti atsegule pakamwa sindinaziganize. Foni ija sindinaimbe.

Achimwene anapita kumsonkhanoko n'kukhala kumbuyo. Anthu anafunsa za ntchito, za msewu, za mlatho. Za ngalande palibe anatchula. Mgodi unayamba, msewu unakonzedwadi, ndipo anyamata ena analembedwa ntchito. Patapita nthawi achimwene anayamba kunena pa foni kuti madzi akuchepa, koma iwo si munthu wodandaula, ankangozinena modutsa. Ine ndinkati ndi mvula, masiku ano nyengo yasokonekera paliponse.

Ndiye chinafika chaka chimene ndinatenga holide n'kupita kwathu ndi Tadala. Mwanayu Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo kuyambira ali wamng'ono ndinkamuuza za dziwe lija tikamayenda m'mbali mwa mtsinje wa Thames, madzi ake otuwa amene sungaviikemo ndi chala chomwe. Ndinkamulonjeza kuti tsiku lina adzasamba m'madzi oonekera pansi. Titafika kumudzi, m'mawa mwake anadzuka yekha n'kuvala chovala chosambira mkati mwa diresi. Achimwene anafuna kunena kanthu koma anasiya, n'kutitsogolera.

Inu owerenga, pali zinthu zina zimene munthu sungazimvetse pa foni. Tinadutsa kudimba, ndinapeza nthochi zitagwa, nzimbe zitauma chiimirire. Ngalande ya bambo inali itadzaza masamba ouma. Titafika padziwe, miyala iwiri ija inalipo, koma pakati pake panali mchenga ndi kachithaphwi kobiriwira kodzaza tizilombo. Chakumtunda kunkamveka injini. Tinakwera mpaka tinakafika pa mpanda wa waya, ndipo mkati mwake ndinaona khoma la simenti lotchinga mtsinje ndi mapaipi akuda olowera kumgodi. Tadala anandiyang'ana n'kufunsa m'Chingerezi ngati tasochera.

Ndinakwiya kwambiri. Ndinawauza achimwene kuti uku n'kuba, tipite kuboma. Tinapitadi kuofesi yoona za madzi, ine ndikuyankhula mokweza ngati munthu wochokera kunja wodziwa ufulu wake. Bambo amene tinawapeza anatilandira bwino n'kundisiya ndimalize. Kenaka anafotokoza mofatsa kuti madzi a m'mitsinje yonse ndi a dziko, si a banja ngakhale litakhala pamalopo kuyambira makolo. Kumwa, kuphika, kuchapa, zimenezo aliyense ali nazo ufulu. Koma kupatutsa mtsinje ndi ngalande n'kumathirira munda waukulu kumafuna kuti boma lidziwe ndi kuvomereza, ndipo ngalande za kwathu sizinkadziwika kwina kulikonse. Kampani ija inapempha chilolezo chotunga madzi, zinalengezedwa, ndipo palibe anatsutsa. Ofufuza amene anabwera kudzaona mmene mgodi ukhudzire chilengedwe ataona mjigo pasukulu anangoti anthu a kumunsi amadalira umenewo.

"Mukanatchula za madimba pamsonkhano paja," anatero bambowo, "akanalamulidwa kusiya madzi okwanira otsikira kwa inu. Nthawi imene ija zinali zosavuta."

Tinatuluka. Achimwene sanandidzudzule, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka koposa. Tili pasiteji kudikira minibasi anangoti, "Mawu ndinali nawo pakamwa tsiku lija, chemwali."

Masiku otsala a holide ija ndinawathera ndikuyenda ndi achimwene kwa eni madimba anzathu. Anagwirizana n'kupanga gulu la ogwiritsa ntchito madzi a Nachiwale, analilembetsa, ndipo anakapereka dandaulo lawo. Zinatenga nthawi yaitali, ine nditabwerera kale kuno. Pano kampani imatsegula madzi masiku ena pa sabata. Amakwanira timabedi ta mpiru ndi anyezi, koma nzimbe ndi nthochi zinapita, ndipo mitengo ya chiwale ikuuma umodziumodzi. Nkhani yoti awonjezere madzi ikadali m'maofesi. Achimwene, poona kuti dimba silikudyetsanso banja, analowa ntchito ya ulonda kumgodi komweko. Amalondera mpanda uja. Akandiimbira ali kuntchito ndimamva injini kumbuyo kwawo.

Sindikunena kuti mgodi ndi woipa. Pali mabanja kwathu amene afolera nyumba ndi malata chifukwa cha mgodiwo, ndipo odwala amafika kuchipatala msanga pa msewu uja. Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi zikanatheka mtsinje uli wamoyo. Amayi Banda nditawafotokozera sanandikumbutse zimene anandiuza. Anangondifunsa ngati nkhanu zikadalimo, ndipo ine ndinapukusa mutu.

Choncho inu amene kwanu kwayamba kufika anthu oboola pansi, kaya m'nkhalango ya boma kaya m'dambo, musaganize kuti chifukwa agogo anu ankamwa madzi amenewo ndiye kuti palibe angawatenge. Pitani kumisonkhano imeneyo, musangofunsa za ntchito zokha. Funsani kumene mgodi udzatunge madzi, kuchuluka kwa amene adzatsalire anthu a kumunsi nthawi ya chilimwe, ndi kumene madzi akuda adzatayidwe. Tchulani dimba lililonse, chitsime chilichonse, pamene ng'ombe zimamwera, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa. Ngati muli ndi ngalande, kailembetseni lero mtsinje ukadali wodzaza.

Ndipo inu anzanga a kuno, amene mumathamangira mashifiti m'zipatala ndi m'nyumba za okalamba, dziwani kuti mawu athu amalemera kwambiri kumudzi, kuposa mmene timadziwira zinthu. Abale athu amatimvera chifukwa tili kunja, pamene iwo ndi amene amaona mtsinje tsiku ndi tsiku. Akakufunsani chinthu chimene simukuchidziwa, musachite manyazi kunena kuti simukudziwa. Auzeni apite akakhale kutsogolo, akakweze dzanja, ndipo asalitsitse mpaka atayankhidwa.