Ndinapha galimoto ya apongozi pofuna kukopera kachipeso ka m'kompyuta

Ine ndinapha galimoto ya apongozi anga ndi manja angawa, kenako n'kuwasiya akudziimba mlandu okha kwa milungu itatu. Inu owerenga, makamaka inu ogwira zamagetsi, imvani uchitsiru wa munthu amene ankadzitcha injiniya.

Ndili ndi benchi yokonzera mafoni mumsika wa Ndirande. Zamagetsi ndinaphunzira kukoleji, ndipo satifiketi ndinaipachika poti kasitomala aliyense aziiona. Pafupi nane pali a Likoswe, mdala wokonza mawailesi, wa magalasi omanga ndi waya. Ndinkawaseka poyera. Munthu wamkulu kutha masiku atatu pa wailesi imodzi, akujambula timizere m'kope la ana asukulu! Ine foni ndinkaimaliza mwini wake asanamalize chimanga chootcha.

Tsiku lina makaniko wina wa ku Chilomoni anandibweretsera kompyuta ya galimoto yakalekale. Ndi kabokosi kachitsulo kamene kamauza injini kuchuluka kwa mafuta oti imwe. Nditatsegula ndinapeza kanthu kamodzi katapsa, kakuda, ka miyendo isanu ndi inayi yondondozana ngati mano a chipeso. M'kati mwa kachipeso kotere mumakhala marezisita, tija tochepetsa mphamvu ya magetsi, asanu ndi atatu omatidwa pamodzi. Rezisita wamba amakhala ndi mizere yamitundu yokuuza kukula kwake, koma awa saoneka, ndipo nambala ya pamwamba inali itafufutika. Ndinazungulira mashopu onse a ku Limbe, kulibe. Njira inatsala imodzi, yodziwa kukula kwa rezisita aliyense wa m'katimo n'kumanga kena ndi marezisita wamba.

A Likoswe anasuzumira n'kunena kuti tichotse kopsako mosamala, tikayeze mwendo ndi mwendo, chifukwa m'kachipeso kotere marezisita sapsa onse. Anati mwina wafa mmodzi kapena awiri, ndipo akufawo tingawadziwe potsatira timizere ta pabolodi kuona kumene tikupita. Ntchito ya sabata imodzi, anatero. Ndinawauza kuti iyi ndi kompyuta, si wailesi ya mabatire. Kopsako ndinakazula ndi pulayala n'kukaponya m'ngalande iwo akuona. Ndinkati chinthu chakufa chingandiphunzitse chiyani ine wa satifiketi.

Nzeru zanga zinali ku Bangwe, kumene amakhala apongozi anga. Bambo a mkazi wanga, a ku Nsanje, anali ndi galimoto ya mtundu womwewo, imene anagula atapuma pantchito ya udalaivala. Ine ndinkaitcha chiphapha. Koma chiphapha chimenecho ndi chimene chinkanyamula apongozi aakazi, amene anafa ziwalo mbali imodzi, kupita nawo kuchipatala Lachiwiri lililonse kukawongola mwendo. Nyumba yawo ili pamtunda, kanjira ka miyala, kumene minibasi sifika.

Amakaniko ali ndi chizolowezi chobwerekana chitsulo chabwino, kuchiika pa galimoto yodwala kuti aone ngati vuto ndi lomwelo, n'kuchibweza chili chomwecho. Apongozi chizolowezichi ankachidziwa bwino. Ndinawabwereka bokosi la kompyuta ya galimoto yawo, n'kuwauza kuti ndikukangoyesera, sinditsegula. Anamasula okha, n'kulikulunga bokosilo m'thaulo, n'kundipempha kuti libwere Lolemba lisanathe.

Nditangofika pabenchi ndinatsegula. Ndinayeza kachipeso ndi mita yoyezera magetsi kali pabolodi pomwepo n'kulemba manambala pachikatoni. A Likoswe anandiuza kuti mita ikundinamiza, chifukwa kakakhala pabolodi magetsi amapeza njira zina zodutsa. Anati kowerenga zoona n'kochotsa, ndi chowotcherera chaching'ono, mwendo umodziumodzi, komanso kuti chinthu cha eni n'chosayamba n'komwe. Ndinawafunsa ngati mawailesi atha kuti azindiphunzitsa ntchito. Ndinatenga bulowa, ija yotulutsa mpweya wamoto imene timachotsera zinthu m'mafoni. Sipanapite nthawi, kachipeso kanasweka pakati, timizere tiwiri ta bolodi n'kutukuka. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Munthu wanzeru akanakwera minibasi nthawi yomweyo kukagwada ku Bangwe. Ine ndinadikira a Likoswe apite kukadya. Ndinatenga manambala abodza aja, ndinazula marezisita m'TV yakufa, n'kumanga kachinthu konyansa ngati chisa cha mpheta. Ndinapaka guluu, ndinatseka, ndinapukuta bokosi. Kosweka kaja ndinakaponya m'ngalande momwemo kuti pasapezeke umboni. Wa ku Chilomoni ndinamubwezera yake n'kumuuza kuti siingakonzeke.

Apongozi atamanga bokosi lawo, galimoto inalira. Ndinabwerera kwathu ndikudzitama kuti ngakhale opanga ake sangandiuze kanthu.

Lachiwiri inayamba kutulutsa utsi wakuda, ndipo injini itatentha inazima pamphambano pafupi ndi msika wa Limbe, amayi ali m'kati, makondakitala akutukwana kumbuyo. Manambala anga ankauza kompyuta kuti injini ikadali yozizira, iyo n'kumathira mafuta mpaka mapulagi kunyowa. Kuchipatala sanafike. Mkazi wanga atandiimbira, ndinamuyankha kuti chiphaphacho chakalamba, n'chifukwa ndinkanena kale kuti achigulitse. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga osagwira pakhosi, ndipo ndikawakumbukira ndimadzida.

Apongozi anakhulupirira kuti analakwitsa ndi iwo pomanga, kuti mwina anapinda kamwendo ka pulagi ya bokosilo. Anasintha mapulagi, anatsuka izi ndi izo, palibe chinasintha. Mkazi wanga anayamba kuwabereka mayi ake kumsana kutsika kanjira kaja mpaka pasiteji. Sabata yachitatu amayi anakana, anati atopa kuyang'anidwa ndi Bangwe yense ngati thumba la makala. Mwendo umene unali utayamba kugwedezeka unaumanso.

Kenako apongozi anabwera ku Ndirande ndi bokosi lija kuti ndiwaonereko pamene analakwitsa. Anandipeza kulibe, n'kupempha a Likoswe. Pobwera ndinawapeza awiriwo atakhala pabenchi yanga, bokosi lili lotsegula, chisa changa chili poyera. A Likoswe sanandinyoze, ngakhale anali ndi mpata wonse. Anangofunsa kuti kosweka kali kuti, chifukwa poyeza zidutswa zake tikanadziwa onse asanu ndi atatu. Ndinaloza ngalande.

Apongozi anatembenukira kwa ine n'kunena kuti: "Bambo a Tadala, galimoto n'chitsulo, sindikudandaula. Koma Lamulungu lija munabwera kwathu, munandimva ndikupepesa amayi anu kuti ndawaonongera ndine. Inu munali pompo, mukudya."

Ndinalowa m'ngalande ija masiku awiri, buluku atapindidwa, ndikufufuza ndi manja m'zonyansa za msika wonse. Injiniya! Sindinapeze kanthu, mvula inali itakokolola kale. A Likoswe anatha mwezi akujambula m'kope lawo lija, kutsatira kamzere kalikonse, ndipo anapeza asanu. Atatu otsalawo ndinawataya ndine kawiri. Tafunsa m'magalaja a ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, bokosi la mtundu umenewo silikupezeka. Galimoto ili pamiyala kuseri kwa nyumba.

Inu owerenga, chitsiru chenicheni si chimene sichidziwa, koma chimene chimadziwa pang'ono n'kumayenda chitatukumula chifuwa. Chinthu chikapsa musachitaye, ndi chokhacho chingakuuzeni mmene chinalili chili moyo. Chobwereka mukati simutsegula, musatsegule. Mukaononga, nenani tsiku lomwelo, chifukwa manyazi a tsiku limodzi sapha munthu, pamene bodza langa linaumitsa mwendo wa mayi wobereka mkazi wanga. Ndipo mdala wochedwa pantchito musamuseke musanaone zimene akulemba.

Amayi anavomeranso kupita kuchipatala. Ndinadzipereka kuti ndiziwabereka ine, koma anakana, anati mkamwini sabereka apongozi. Ndiye Lachiwiri lililonse ndimatseka benchi n'kupita ku Bangwe. Mkazi wanga amatsika kanjira ka miyala kaja mayi ake ali kumsana, thukuta lili kamukamu, ine ndili pambuyo nditanyamula kachikwama ka mankhwala.