Tayi ya Sikelo ndi Nyumba ya ku Kabwata

Maganizo ochoka mu Lusaka anandifikira ndili pamzere wa ufa. Tinaima kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, ndipo titayandikira khomo la sitolo anatiuza kuti ufa watha. Ndinali nditatsiriza Fomu 5, malo ku yunivesite sindinawapeze, ndipo maofesi onse a mu Cairo Road ndinali nditawagogoda popanda wonditsegulira. M'sabata yomweyo msuweni wa amayi anali atatumiza mawu kuchokera ku Blantyre kuti loya wina akufuna kalaliki wodziwa kutayipa. Sindinazengereze. Ndinathamanga kuchokera kusitolo kukafika kwathu ku Kabwata ngati munthu amene wapeza ufawo.

Atate, amene anali kalaliki wa kunjanji, anandimvetsera ali pansi pa mtengo wa gwafa umene anaubzala okha pamene kanselo ya mzinda inawapatsa nyumba yathu. Anati, "Pita, Yotamu, koma ukabwere ndi kanthu m'mutu, osati m'sutikesi mokha." Amayi anaimitsa makina awo osokera pakhonde, nandisokera thumba la ndalama mkati mwa thalauza. Mlongo wanga Tisa anandiperekeza ku siteshoni ya mabasi ya Intercity, ndipo basi itadutsa thanki yamadzi ya ku Chelstone, ndinadziwa kuti ndachokadi.

Lero ndikulemba izi ndili wophunzira malamulo ku yunivesite, ndipo anzanga amandiseka chifukwa cha Chichewa changa. Amati ndimalankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Sadziwa kuti ndinachiphunzira ndi manyazi. Tsiku langa loyamba ku Blantyre ndinauza wogulitsa nthochi m'Chinyanja cha mu Lusaka kuti "nifuna zibili manje", ndipo msika wonse unatembenuka kuti undione. Kuchokera pamenepo ndinayamba kumvetsera, kuwerenga nyuzipepala ndi kukonza lilime langa liwu ndi liwu.

Za kusungulumwa sindibisa. Ndinkakhala m'kachipinda ka ku Ndirande, ndipo Lamlungu ndikachoka ku tchalitchi ndinkasowa munthu woti ndimuuze ngakhale kuti ulaliki unali wautali. Malipiro anali ochepa, ndipo ndalama zikawoloka malire zinkachepanso. Choncho ndinkagula sopo, shuga ndi mafuta ophikira, zimene mu Lusaka zinkasowa masiku amenewo, n'kupatsira mayi wina wamalonda wopita ku Chipata kuti azitumize kwathu. Ineyo ndinkagonera tiyi wopanda mkaka, koma ndikaganiza za amayi akugawira anansi sopo wa ku Malawi, njala inkaiwalika.

Kenaka kunabwera chinthu chimene chinandisangalatsa koposa zonse. Abwana anga, loya uja, anali m'bungwe lina la anthu a zamalamulo, limene munthu amalowamo mwa kufuna kwake. Munali maloya ndi oweruza, koma linkalandiranso makalaliki ophunzira malamulo kudzera pa positi, monga ndinkachitira ine, kukhala mamembala aang'ono. Abwana anandilembetsa. Anandipatsa tayi yabuluu yokhala ndi chithunzi cha sikelo, ndipo pamsonkhano woyamba ndinamwa tiyi patebulo limodzi ndi munthu amene m'mawa mwake ndinamuweramira m'khoti. Tinkamvetsera nkhani za akatswiri, kubwereka mabuku, ndi kutsutsana za malamulo atsopano kufikira mawu atasasa.

Abwana anaona mmene ndinkayendera nditavala tayiyo, ndipo anandikhazika pansi. Anandiuza kuti bungwe lotere ndi bwalo la kuphunzitsana, kudziwana ndi kulankhulira pamodzi zokhudza ntchito yathu, koma silingapatse munthu mphamvu yoimirira pamaso pa woweruza m'malo mwa mnzake. Mphamvu imeneyo, anatero, imachokera kwa amene lamulo linawaika kuti ayese munthu ndi kulemba dzina lake m'kaundula wa maloya, ndipo dziko lililonse lili ndi kaundula wakewake. Ndinamvetsa bwino. Komabe ndinapita kukajambulitsa chithunzi nditavala tayi, n'kuchitumiza kwathu pamodzi ndi kalata yolongosola zonsezi mosamala.

Amayi anapachika chithunzicho pamwamba pa makina osokera, ndipo kalata anaiika m'Baibulo. Tisa anandilembera kuti Lachisanu lotsatira amayi a chigwirizano onse a ku tchalitchi kwathu anali atamva kuti mwana wa Amake Yotamu ndi loya ku Malawi. Anati anthu ayamba kubwera ndi milandu ya malire a madimba kuti idikire kubwera kwanga, ndipo atate akayesa kukonza nkhaniyo amayi amawauza kuti nsanje pa mwana wako yemwe ndi tchimo. Ndinaseka ndekha m'kachipinda kanga. Sindinaone choopsa chilichonse.

Telegalamu ya imfa ya atate inandipeza mochedwa, ndipo ndinafika atawaika kale. Atate aang'ono, a Lameki, amene amayendetsa takisi ndipo amakhala ku Chunga, anali atatenga kale njinga, wailesi ndi masuti a mkulu wawo. Tsopano ankafuna nyumba. Anali atapita kukhoti laling'ono loweruza nkhani za miyambo, limene mu Lusaka timati lokolo khoti, kukapempha kuti akhale woyang'anira chuma cha masiye. Akanapambana, dzina la pa nyumbayo ku kanselo likanakhala lawo, ndipo amayi anali atauzidwa kale kuti abwerere kumudzi ku Katete, kumene anachokako ali mtsikana. Koma amayi sankaoneka odandaula. Ankangouza aliyense kuti loya wawo wafika.

Ndinapita ku Woodlands kwa Mayi Daka, loya weniweni amene timapemphera nawo. Anayang'ana tayi yanga namwetulira, kenaka anandilongosolera mmene zinthu zilili kuno kwathu. Anati pali makomo atatu. Loyamba ndi la amene amayang'anira maphunziro a uloya ndi kuyesa mayeso munthu akatsiriza digiri. Lachiwiri ndi la mkulu wa oweruza onse, amene amalandira wopambanayo ndi kulola kuti dzina lake lilembedwe m'kaundula. Lachitatu ndi bungwe la maloya la dziko lino, limene ndi losiyana ndi langa lija, chifukwa lamulo linalipatsa udindo wopereka chiphaso cha chaka ndi chaka ndi kulandira madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maloya. Motero, anatero, bungwe lina limangokhala la ubale, lina limagwira ubale ndi ulonda pamodzi, koma ngakhale limenelo silingapatse chiphaso munthu amene sanadutse makomo awiri oyambawo.

Ndinawapempha kuti adzatiimire. Anapukusa mutu nati m'khoti limenelo maloya saloledwa kuimira anthu pa milandu yotere, kuti wosauka ndi wolemera azilankhula ndi pakamwa pawo. "Ine sindingalowemo," anatero, "koma iwe ukhoza. Oweruza amalola munthu wa m'nyumba kulankhulira kholo lake. Mwayi wako ndi wakuti sunakhale loya." Ndinatuluka pachipata chawo ndikudumpha. Kuchokera ku Woodlands kukafika ku Kabwata ndinayenda pansi, ndikukonza mfundo zanga mokweza, anthu akundiyang'ana.

Tsiku la mlandu amayi anasita tayi yanga ndi simbi yamakala. Ndinayesa kukana, koma anati atate akanafuna kundiona nditaivala, ndipo pamenepo ndinaivala. Amayi a chigwirizano anatiperekeza atavala yunifolomu, nadzaza mabenchi awiri. Kutsogolo kunakhala oweruza, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala. Nditaimirira kupempha chilolezo cholankhulira amayi, a Lameki anaimirira msanga kuposa ine.

"Ba Khoti, uyu ni loya," anatero m'Chinyanja cha m'tauni. "Kabwata yonse iziba. Onani na tayi yake ili na sikelo. Muno maloya sibaloledwa, nanga ine nabwela na loya?"

Oweruza anavula magalasi, nayang'ana mabenchi aja, nafunsa ngati alipo amene akumudziwa mnyamatayu ndi ntchito yake. Amayi a chigwirizano anayankha pamodzi ngati akuyankha m'busa: "Ndi loya." Mmodzi anawonjezera kuti ndi wa ku Malawi, kumene uloya wake ndi wovuta kwambiri. Amayi anga anagwedeza mutu monyadira. Ndikanatulutsidwa, amayi akanatsala okha ndi a Lameki, amene pakamwa pawo panazolowera kukangana ndi apaulendo tsiku lonse, pomwe amayi sanayambe atsutsapo mlamu wawo pagulu.

Ndinapempha kuti ndilongosole. Ndinanena za makomo atatu monga anandiuzira Mayi Daka, ndipo ndinati sindinadutse ngakhale limodzi, kuno kapena ku Malawi. Ndinati bungwe langa likandikwiyira, chachikulu chimene lingachite ndi kundilanda tayi ndi kundimana tiyi, pomwe loya weniweni akalakwa amafufutidwa m'kaundula ndipo ntchito yake imathera pomwepo. Oweruza ankamvetsera, koma ndinaona kuti sanakhutire. Anati kwa iwo munthu wokhala m'gulu la maloya, wovala chizindikiro cha maloya, wotchedwa loya ndi mayi ake omwe, akuoneka ngati loya.

Pamenepo ndinakumbukira nkhani imene atate ankakonda kufotokoza, ndipo ndinatembenukira kwa a Lameki mwaulemu. Ndinawafunsa ngati si zoona kuti analowa m'bungwe la anthu a matakisi ndi mabasi akadali kondakitala, akusonkha nawo za maliro ndi kuvala baji yake. Anavomera. Ndinawafunsa ngati baji imeneyo inawalola kugwira chiwongolero. Anang'ung'udza kuti laisensi ndi nkhani ina, imaperekedwa ndi a boma munthu akapambana mayeso a pamsewu.

"Munapambana ulendo wachingati?" anafunsa oweruza.

"Izo sizili mu mulandu, ba Khoti," anayankha a Lameki, ndipo khoti lonse linaseka, ngakhale wapolisi wa pakhomo.

Oweruza anavalanso magalasi natembenukira kwa amayi. Anati funso latsala limodzi, ndipo woyankha ndi iwo. "Mayi, mwabwera ndi loya kapena mwabwera ndi mwana?"

Amayi anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana anzawo a m'mabenchi, amene kwa nthawi yonse imene ndinali kutali anawapatsa malo aulemu pa zikwati ndi pa maliro chifukwa cha ine. Kenaka anati, "Ndabwera ndi mwana amene ndinabereka. Uloyawo ndinamupatsa ndine, pakhonde panga, ndipo palibe wina anasainapo."

Oweruza anati mayi ali ndi ufulu wopatsa mwana wake dzina lililonse, koma khoti silimvera maudindo operekedwa pakhonde. Anandilamula kuvula tayi ndi kulankhula. Ndinaipinda n'kuipereka kwa Tisa, ndipo ndinalankhula monga sindinalankhulepo chibadwire, m'Chichewa changa chonse cha ku Blantyre. Ndinanena za makina osokera amene analipira lendi pamene malipiro a atate ankachedwa, za Tisa amene anali akadali pasukulu, za mtengo wa gwafa, ndi za mwambo wathu umene umati wolowa m'malo mwa malemu amasunga ana amasiye, sawathamangitsa. Khoti linasankha amayi kukhala woyang'anira chuma, linalamula kuti njinga ndi wailesi zibwezedwe, ndipo masuti amayi anati a Lameki asunge, pakuti anali a mbale wawo. Ndi chigamulo chimenecho kanselo inalemba nyumba m'dzina la amayi.

Ku Blantyre sindinabwererenso. Maphunziro anga a pa positi ndi kalata ya abwana anga zinandithandiza kupeza malo amene ndinawasowa poyamba. Ndinkaopa kuti amayi a chigwirizano adzawaseka amayi anga, koma ndinaona kuti sindinkawadziwa anthu a kwathu. Iwo sankasamala za kaundula. Ankafuna kuti pakati pawo pakhale mmodzi wodziwa kumene makomo a boma ali, ndipo anandipatsa dzinalo pasadakhale monga mmene amasokera mwana malaya aakulu kuti akuliremo. Nthawi zina m'kalasi ndimaganiza kuti tsiku limene dzina langa lidzalembedwe m'kaundula, khoti lija lidzanditsekera khomo, ndipo sindidzalankhuliranso amayi mmenemo. Ndinawauza zimenezi, ndipo anati palibe kanthu, chifukwa tsopano akudziwa kuimirira okha.

Tayi ija ili pa msomali pamwamba pa makina osokera, pambali pa chithunzi. Loweruka lapitali ndinapeza mayi wina wachilendo pakhonde, wobwera kudzasoketsa diresi, akuloza chithunzicho ndi kufunsa ngati ameneyo ndiye mwana wawo loya uja. Amayi sanaimitse ngakhale phazi pa makina.

"Ayi, mayi, musasokoneze," anatero. "Tayiyo ndi ya bungwe chabe. Makomo alipo atatu, ndipo wanga akugogoda loyamba. Khalani pansi ndikulongosolereni."