Bonface Anagulitsa Nkhope ya Amayi Anga pa K250

Bonface wa pa shopu ya makompyuta yopaka utoto wachikasu ija, kuseri kwa msika m'tauni ya Chipata, anagulitsa nkhope ya amayi anga pa K250. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumizire aliyense amene ali ndi laputopu.

Ine ndine Esnart, mphunzitsi ku Chiparamba. Amayi anga anamwalira chaka chatha, ndipo Loweruka likubwerali tikudalitsa chiliza chawo kumudzi ku Madzimoyo. Amayiwo ankadana ndi kujambulidwa. Ukangokweza foni, iwo chitenje kumaso. Anavomera tsiku limodzi lokha, chaka chomwe mtedza unachita bwino. Ndinabwereka kamera ya kusukulu, iwo anakhala pamkeka akusenda mtedza, akuseka mpaka maso kutsekeka. Zithunzi zisanu ndi ziwiri. Anandilumbiritsa kuti ndisaziike m'mafoni a anthu, ine ndinamvera. Ndinazisunga mu laputopu yanga, mufoda yolembedwa kuti AMAYI. Kupatula zimenezo, chithunzi chawo china chili pa reji, chiphaso cha boma chija, chojambulidwa ali mtsikana, nkhope yoti ngakhale ife ana awo sitiidziwa.

Banja linagwirizana kuti chimodzi mwa zithunzizo chiikidwe pachiliza komanso pa matisheti makumi anayi oti tidzavale tsikulo. Wosema mwala anasiya kale malo ozungulira oikapo nkhope. Atate anasankha okha chithunzi, chija maso atatsekeka ndi chiseko.

Laputopuyo inali itayamba ulesi. Ukaiyatsa unkatha kukatereka tiyi n'kubwera isanadzuke. Ndinachita mantha kuti tsiku lina idzangofa ndi zithunzizo. Mwamva bwino pamenepo? Ndinapita nayo kwa Bonface kuti ndipulumutse zithunzi. Mphunzitsi mnzanga ndiye anandilangiza kuti Bonfaceyo achotse hadi disiki yakale, mosungira zinthu zonse muja, aikemo yatsopano yothamanga yomwe amati SSD, awonjezerenso RAM, kachipangizo koithandiza kugwira ntchito msanga.

Lachiwiri sabata yatha, 9:20 m'mawa, ndinali pakauntala pake. Munthu wake amavala jasi loyera ngati dokotala, ndipo amafuna kumutchula kuti Injiniya. Anati SSD ndi K650, RAM K350, ntchito K150. Ndinapereka K1,150 osanenerera. Za foda ndinamuuza katatu. Ndinalembanso pakapepala kuti FODA YA AMAYI ISASOWE, n'kumata ndi selotepu pamwamba pa laputopu. Iye anaseka.

"Mami, osadandaula. Zonse tizakopa, kulibe chizasowa. Aka si koyamba, manja aya yagwira ma laputopu ya anthu akulu-akulu. Bwerani 14 awazi."

14 awazi ndinabwera. Akuti magetsi anathima. Pashopu yoyandikana nayo, ya wometa tsitsi, makina ali kulira, koma kwa Injiniya magetsi anathima. Akuti ndibwere Lachinayi.

Lachinayi 15:40 ndinaipeza yakonzeka. Zoona, inayaka ndisanamalize kukhala pansi. Foda ya AMAYI ndinaiona ndi maso anga pasikirini, pakona pomwe imakhala nthawi zonse. Galimoto ya ku Chiparamba inali itatsala pang'ono kudzaza, ndiye sindinaitsegule. Cholakwa changa ndi chimenecho, ndipo ndidzafa nacho. Ndinamuthokozanso munthuyo, mpaka kumuuza kuti Mulungu amudalitse.

Nditafika kunyumba ndinadina fodayo. Laputopu inayankha kuti zomwe mukufunazo kulibe. Ndinadinanso. Chimodzimodzi. Mnzanga uja atabwera kudzaona anagwira pakamwa. Anati chomwe Bonface anakopa si foda yeniyeni, koma kachizindikiro kolozera kumene foda inali. Ananyamula chikwangwani, nyumba n'kuisiya. Zithunzi zonse zinatsala mu hadi disiki yakale ija.

Mtima unakhalako pansi pang'ono. Ndinati palibe vuto, disiki yakale ndi yanga, ndikaitenga.

Loweruka 8:15, shopu ikungotsegulidwa, ndinalowa. Ndinafunsa mwaulemu kuti hadi disiki yanga yakale ili kuti. Bonface anandiyang'ana ngati ndapempha mkazi wake.

"Manje mami, zochotsa zimasala pa shopu. Ndiye lamulo. Kuchigayo mukakonoletsa chimanga, gaga mumanyamula?"

Gaga. Amayi anga, gaga.

Ndinamufunsa kuti lamulo limenelo linalembedwa pati. Pakhoma palibe. Palisiti palibe. Pakamwa pake Lachiwiri silinatulukepo. Akuti aliyense amadziwa. Aliyense uti? Ine ndimapita kuchigayo chiyambire ndili mwana, ndipo wachigayo amayamba wafunsa kuti gaga mutenga kapena musiya. Munthu wopanda jasi loyera amadziwa kufunsa. Injiniya ayi.

Ndinati chabwino, lamulo lanu likhale, ndibwerekeni disikiyo mphindi khumi ndikope zithunzi. Anayamba kuvundula katoni ina pansi pa tebulo, modzaza mawaya ndi mphemvu. Anavundula mphindi makumi awiri akuimba mluzu. Kenako akuti mwina abwana anaitenga, ndipo abwanawo, a Zulu, ali ku Lusaka mpaka mwezi wamawa.

Ndinakoka mpando n'kukhala. Ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndidikira mwezi wamawawo pompano. 11:40, a Zulu a ku Lusaka aja analowa akutafuna chimanga chootcha.

A Zulu sanachedwetse. Anati disiki zochotsa amaziveka kachikwama, n'kuzigulitsa ngati zosungira zinthu zoyenda nazo. Yangayo inapita Lachitatu. Lachitatu, anthu inu. Ine ndisanabwere n'komwe kudzatenga laputopu, ndisanaone ngati zinthu zanga zasamuka, disiki inali itakwera kale galimoto. Magetsi othima aja anali amenewo. Ndinafunsa kuti anagula ndani. Akuti sasunga manambala a makasitomala, koma ndi bambo wina wogula mtedza ku Chipangali, a Tembo, ali ndi sikelo pamphepete pa msewu. Mtengo K250.

Lamlungu nditatuluka ku Misa ndinakwera ulendo wa ku Chipangali. Galimoto, kenako njinga yamoto, fumbi mpaka m'mano. Ogula mtedza otchedwa a Tembo ndinapeza atatu. Wachitatuyo ndiye anali mwini nkhani. Munthu wabwino, ndipo ndikufuna zimveke kuti iwo alibe mlandu. Atamva nkhani yanga anavula chipewa, n'kulowa m'nyumba kukatenga disikiyo. Tinailumikiza ku laputopu yanga pamwamba pa thumba la mtedza.

Munali mafilimu a nkhondo ndi nyimbo. Modzaza mpaka pakamwa.

A Tembo anati, "Mayi, pepani. Mnyamata uja anati waipukuta kuti ikhale yatsopano, ndiye anandiikiramo mafilimuwa ngati mbasela. Ine sindinapemphe n'komwe."

Mbasela ndi kaja amakuwonjezera wogulitsa tomato ukagula mulu. Bonface anafufuta amayi anga kuti apeze malo oika mbasela.

A Tembo anandipatsa disikiyo kuti ndikayese kwina, anakana ngakhale ndalama yomwe ndinkafuna kuwabwezera. Lolemba ndinaipereka kwa mayi wina wokonza makompyuta kumbali ina ya tauni. Iye sanandinamize. Anati ikanangopukutidwa chabe akanatha kubweza zambiri, koma mafilimu aja anagona pamwamba pa zonse. Anayesa masiku awiri. Lachiwiri madzulo anandiitana, n'kundionetsa chinthu chimodzi chomwe chinatuluka. Theka la chithunzi. Mkeka ulipo, lichero la mtedza lilipo, chitenje chawo chobiriwira chilipo, manja awo alipo. Kuyambira pachifuwa kupita kumwamba ndi phulusa lokhalokha. Ndinalira pamaso pa munthu wachilendo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Dzulo Lachitatu, 10 koloko, ndinabwerera kwa Injiniya ndi theka la chithunzilo. Ndinkaganiza kuti mwina akaliona atsitsa mutu. Mukudziwa chomwe ananena?

"Koma naimwe mami, munafunika kupanga bakapu. Zinthu za impotanti sitisunga malo amodzi."

Zoona, ndinafunika kusunganso pena. Ndavomera, ndipo usiku sindigona nazo. Koma kapepala kaja ndinamata pamwamba kanali kokongoletsa? Katatu kaja ndinkaimba nyimbo? Munthu ukauzidwa kuti m'thumba umu muli mazira, umakhalapo kenako n'kunena kuti mukanaweta nkhuku ziwiri? Ndipo malangizo a bakapuwo anali kuti Lachiwiri, pomwe ankawerenga K1,150 yanga?

A Zulu analowererapo kuti tisakangane pamaso pa makasitomala. Anati pepani, n'kutsegula kabati, n'kutulutsa mausi ya kompyuta. Mausi ya K60, yaulere, yondipukutira misozi. Nditakana anawonjezera chikwama cha laputopu. Ndinawauza kuti pepani sapoza chilonda, ndipo mausi sitingaimate pachiliza.

Apo Bonface ndiye anabwera ndi nzeru yomwe inandimaliza. Akuti ndibweretse chithunzi cha pa reji, iye ali ndi pulogalamu yokalambitsa nkhope. Aika makwinya, aika imvi, aika ndi kumwetulira, palibe adzazindikire. Akuti kwa ena amachita K200, koma ine poti ndine kasitomala wawo ndipereke K100 chabe.

Anafufuta mayi anga enieni, tsopano akufuna andigulitse mayi opanga, pamtengo wotsitsa. Sindinamumenye. Ndine mphunzitsi, ndili ndi ana amene amandiyang'ana. Ndinangomufunsa kuti shopu amatseka nthawi yanji Loweruka. Anati 17 awazi. Ndinati zikomo.

Kuchoka pamenepo ndinapita ku Madzimoyo kukawauza atate. Ulendo umenewo sindiufunira munthu. Banja lonse linakhulupirira ine, wophunzira, wa laputopu. Atate anatenga pepala lomwe ndinasindikizapo theka lija. Analiyandikiza kumaso, n'kunena kuti, "Manja ndi ake." Ndinafunsa ngati tiike cha pa reji. Anakana. Anati mtsikana ameneyo amamudziwa ndi iwo okha, adzukulu akafika pamanda azidzafunsa kuti wagona apa ndani. Ndiye malo ozungulira aja pachiliza akhala opanda kanthu.

Tsono mverani, inu nonse opita ndi makompyuta kokonzetsa. Chilichonse achotsa mukompyuta yanu ndi chanu, chitengeni tsiku lomwelo, ngakhale kasikuluwu. Musachoke pakauntala musanatsegule foda iliyonse, galimoto ikusiyeni. Gulani fulashi mukope zinthu zanu musanapereke makina kwa munthu. Ndipo dzifunseni kuti m'madisiki ena omwe shopu imeneyi yagulitsa munali chiyani. Mayeso a ana? Zikalata za minda? Zithunzi zoti mwini wake yekha ndiye aone? Yanga anaipukuta. Mukutsimikiza kuti yanu anaipukutanso, kapena ikuonereredwa kwinakwake?

A Zulu, ndikufuna mundiyankhe poyera, pompano pomwe anthu akuwerenga. Lamulo la gagalo analemba ndani? N'chifukwa chiyani munagulitsa disiki mwini wake asanabwere? Mwagulitsa zingati chaka chino? Kalata yodandaula ndalemba kale, ndipo ikupita ku ofesi yoona za ogula ndi ogulitsa pamodzi ndi lisiti yanu. Koma umenewo ndi mlandu wa papepala chabe. Wanga ndi uwu.

Matisheti makumi anayi aja sapita pachabe. Ali kosindikiza panopa. Kutsogolo tikuika theka la chithunzi lija momwe lilili, manja, chitenje, ndi phulusa pomwe panayenera kukhala nkhope. Kumbuyo kwalembedwa kuti: FUNSANI BONFACE.

Loweruka tikadalitsa chiliza sitibalalika. Lole yomwe tabwereka ikanyamula tonse mpaka m'tauni. 15 awazi tidzakhala pakhonde la shopu yanu, anthu makumi anayi, ndi amayi a kwaya omwe ankaimba ndi malemu. Sitidzaswa kanthu, sitidzatukwana munthu, sitidzatseka khomo. Tidzangoyala zitenje n'kukhala pansi, n'kuimba nyimbo za maliro mpaka 17 awazi. Aliyense wobwera ndi laputopu m'khwapa tidzamupatsa moni, n'kumufotokozera bwinobwino, kuyambira Lachiwiri 9:20. Sukulu zili pa holide, ndiye Lolemba ndidzabweranso ndekha, ndi Lachiwiri lomwe. Nthawi ndili nayo. Choipa chitsata mwini.

Ngati mukuganiza zopita ku Lusaka tsiku limenelo, pitani, tikudziwa kuti mumabwerako 11:40.

Atate sanapondeko m'tauni chimwalirire amayi, miyendo imawavuta. Ndinawauza kuti atsale kunyumba apume. Akana. Ati ndiwasungire tisheti imodzi ndi malo kutsogolo kwa lole. Akuti sakalankhula kanthu. Akungofuna akaone nkhope ya Bonface, poti iye yake ikadalipo.